Mutu 5: Khomo la a Kumunsi

1. Gulu la Tiyesenawo

Alimi a kachewere a kufupi ndi Fonte Boa anali ndi gulu lawo lotchedwa Tiyesenawo. Dzinalo linali labwino, koma kunena zoona, ntchito imene anthu a m'gululo ankaidziwa bwino inali kukangana. Pakati pa minda yawo pankadutsa kamtsinje koti ngakhale mbuzi yotsimphina ikhoza kukalumpha. Kamtsinje kameneko n'kamene kanagawa gululo pawiri, a kumtunda ndi a kumunsi.

A kumtunda ankatsogoleredwa ndi a Ezequiel Jacinto, bambo wamtali wa mawu ngati ng'oma, amene ankavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. A kumunsi anali ndi a Dona Margarida Silvano, mayi wamfupi wosaopa munthu. Mayiyu anaphunzira ku mishoni, ndipo mawu amene unalankhula zaka khumi zapitazo ankatha kukubwezera onse osatayapo ndi limodzi lomwe.

Atsogoleri awiriwa anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha. Kachewere ankawolera m'nyumba podikira ogula ochokera ku Tete, choncho pankafunika aramazeni, nyumba yaikulu yosungiramo zokolola. Njerwa anaumba, n'kuwotcha. Koma pa nkhani ya khomo anakangana miyezi itatu, chifukwa panalibe amene ankafuna kulowera pa khomo lotsegula mnzake. Pomaliza anapangana kuti kumaso kwa nyumbayo kukhale makomo awiri ofanana ndendende, lakumanja la a kumtunda, lakumanzere la a kumunsi.

Mmisiri womanga, a José, anakana kugwira njerwa popanda chithunzi.

"Za pakamwa panu ine ayi," anatero a José. "Lero munena ichi, mawa munena icho, mkuja wolakwa ndine. Ndipatseni chithunzi chimene nonse mwachivomera. Ine ndimanga zimene ndikuona, basi."

2. Malire a amalume

Páscoa anali mwana wa mlongo wawo wa a Ezequiel. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaphunzira ku sekondale ya ku Ulongwe. Masana alionse akaweruka ankatsalira m'chipinda cha makompyuta, momwe a Purofesora Cristina ankaphunzitsa ana ochepa kumanga zinthu pa kompyuta. Ankamanga mipando, zitsime ndi nyumba zoti munthu ukhoza kuzizungulira n'kuziona mbali zonse. Páscoa ankaikonda ntchitoyi kuposa chilichonse. Analinso ndi luso, ndipo vuto linali lakuti lusolo iye mwini ankalidziwa kwambiri.

A Ezequiel, monga mwini mbumba, sankakondwera nazo. Maganizo awo anali oti Páscoa asamukire ku Domwe kwa azakhali ake, m'mawa azipita kusukulu, masana azikagulitsa kachewere pamsika. Koma nkhani ya chithunzi itabuka, anamuitana n'kumukhazika pansi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, tamvera," anayamba motero. "Ine shikola sindidana nayo. Koma chiyambire sindidaonepo munthu atakhuta chifukwa choyang'ana galasi. Anzako masana ali kumsika, akuphunzira kuyankhula ndi ogula, akudziwa thumba lodzadza ndi lonamizira. Iwe uli phee kumangodinda mabatani ngati ukusankha nyemba. Tsono mwayi wako ndi uwu. Utijambulire aramazeni yathu pa komputadori yakoyo, Loweruka tikaionetse kwa anthu. Ikakhala bwino, ndidziwa kuti masana ako sakupita pachabe, ndipo ndikusiya. Koma ukandichititsa manyazi pamaso pa a Margarida, shapa, minibasi ya ku Domwe ija, ikudikira. Wamva?"

"Ndamva, amalume. Imeneyo ndi ntchito ya masiku awiri," anayankha Páscoa, mapewa ali m'mwamba.

3. Chenjezo la aphunzitsi

Kuti asavutike kuyambira pachiyambi, Páscoa anatenga fayilo ya mnzake wa m'kalasi, Elísio, amene anamangamo nsanja ya thanki la madzi. M'fayilomo munali kale mitambo yokongola ndi udzu wobiriwira. Anafufuta nsanjayo, pamalo pake n'kuyamba kumanga aramazeni yaitali, ya malata onyezimira ndi makomo awiri ofanana.

Lachinayi a Purofesora Cristina anaimirira pakati pa chipindacho n'kuwomba m'manja.

"Ana inu, siyani kaye, ndipo iwe Páscoa utsegule makutu onse awiri. Zimene mukuona pagalasi pamene mukumanga si zimene zidzatuluke pachithunzi. Pagalasi mumakhala ngati munthu woima pabwalo, mumaona uku ndi uku mmene mukufunira. Koma chithunzi chimajambulidwa ndi kamera ya m'kati mwa pulogalamu, ndipo kamerayo ili ndi felemu yake. Felemuyo ili ndi manambala awiri, laragura ndi alutura, ndiko kuti kutambalala kwake ndi kutalika kwake kopita m'mwamba. Chilichonse chimene chili kunja kwa felemuyo chimadulidwa, ngakhale mutachimanga mwezi wathunthu. Kalipentala sakhoma zenera asanayeze bowo la pakhoma. Choncho musanatsuke chithunzi, yambani mwafunsa kukula kwa pepala, mulembe manambala ogwirizana nalo, kenako musuzumire m'diso la kamera. Zimene mwaona m'menemo n'zimene mudzanyamule."

"Zimenezo tinaphunzira kale, a Purofesora," anatero Páscoa, maso ali pa malata ake.

Kutsuka chithunzi ndi mawu amene anawo ankatchulira ntchito yomaliza, pamene kompyuta imatenga chinthu chomangidwa chija n'kutulutsa chithunzi chenicheni chokhala ndi kuwala ndi mithunzi. Pa makompyuta okalamba a pasukulupo ntchitoyi inkatenga ola lathunthu. Lachisanu masana Páscoa anadina batani lotsukira, n'kutuluka kukadya chimanga chootcha ndi anzake kuseri kwa mpanda. Nkhani zinakoma. Pobwerera anapeza aphunzitsi akugwedeza makiyi pakhomo. Anathamangira m'kati, n'kukopera chithunzicho pa fulashi diso limodzi lili kukhomo, osachitsegula n'komwe.

4. Nzeru za ku papelariya

Loweruka m'mawa kunali chisanu choluma zala. A Ezequiel anamutenga Páscoa pa njinga yamoto mpaka ku papelariya ya a Artur pafupi ndi msika wa Ulongwe, kumene ankasindikiza mapepala aakulu. Iwo anatsala panja akucheza ndi anzawo.

Makina analira, pepala linayamba kutuluka pang'onopang'ono. Choyamba kunatuluka mitambo. Kenako mitambo ina. Páscoa anayamba kumva kutentha ngakhale kunali chisanu. Pomaliza, m'munsi mwa pepalalo munaoneka kachigawo ka nyumba, kopapatiza, kokhala ndi khomo limodzi lokha lakumanja. Mbali yonse yakumanzere kunalibe, ngati wina waidula ndi chikwanje.

Apa m'pamene anakumbukira. Kamera ya m'fayilo ya Elísio inakonzedwa kuti ijambule nsanja, chinthu chachitali chopita m'mwamba. Felemu yake inali yoimirira, yopapatiza. Iye anamanga nyumba yogona chopingasa, ndipo m'diso la kamera sanasuzumiremo ngakhale kamodzi.

"Mayo ine! Khomo la a Dona Margarida!" anatero Páscoa atagwira pakamwa.

A Artur anali munthu wosasowa yankho, ngakhale pa zinthu zimene sankazidziwa. Anayang'ana pepalalo atapendeketsa mutu.

"Usalire, mwana iwe. Anthu a kumudzi zinthu za tiresi-de, zithunzi zooneka mbali zonsezi, sazidziwa. Ukawauze kuti chithunzichi n'chozungulira, khomo linalo lili kuseri. Ukalankhule mwachangu, uikemo ndi Chipwitikizi pang'ono, palibe amene afunse."

Páscoa akanatha kutuluka n'kuwauza amalume ake zoona pomwepo. Kwa a Purofesora Cristina sikunali kutali. Koma panja njinga inali italizidwa kale, ndipo mantha anamukulira. Anapinda pepalalo mwamsanga n'kulimanga ndi mphira.

"Tione," anatero a Ezequiel.

"Likatambasulidwa kawiri limang'ambika, amalume. Tikaonere komweko."

5. Kuseri kwa pepala

Msonkhano unachitikira pamalo omangapo, pafupi ndi uvuni wa njerwa. A kumtunda anakhala kumanja, a kumunsi kumanzere, aliyense atadzikulunga m'chitenje kapena m'jekete. Atatha kupemphera, a Ezequiel analankhula nthawi yaitali za nzeru zimene zili m'magazi a banja lawo. Kenako a José anatambasula pepala lija n'kulikhoma m'mbali mwa ngolo.

Anthu onse anasolola makosi kuti aone. Mbuzi ina inalira patali.

"Mitambo yokha ndiye yakwana," anatero munthu wina kumbuyo.

A Dona Margarida anaimirira, n'kumanga bwino chitenje chawo, n'kuyandikira ngolo ija. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anavala magalasi n'kuyang'ananso.

"Mwana wanga Páscoa, ine maso adayamba kufooka. Tandithandize. Khomo lathu lili pati?"

"Lili kuseri, mayi," anayankha Páscoa ndi mawu aang'ono. "Ndi tiresi-de. Chithunzichi n'chozungulira."

A José anali munthu wokhulupirira zimene wauzidwa. Anazula misomali iwiri, n'kutembenuza pepalalo mosamala. Kuseri kunali koyera mbee. Analiyang'anitsa kudzuwa, analigwedeza pang'ono, mwina khomolo ligwa. Ana amene anakwera pa uvuni anaseka mpaka wina anatsetsereka.

"Kuno kulibe kanthu," analengeza a José. "Tsono ine ndidanena kale. Ndimanga zimene ndikuona: khomo limodzi, nyumba yopapatiza. Kachewere wake alowamo matumba asanu, lachisanu ndi chimodzi ligona panja."

A kumtunda anaseka, koma a Dona Margarida sanaseke. Anatembenukira kwa a Ezequiel manja ali m'chiuno.

"A Ezequiel, ndimadziwa ine! Miyezi itatu tidakhala pano mpaka matako kuuma, mudavomera ndi pakamwa panu pamaso pa anthu onsewa. Kodi kudali kutinyengerera kuti tikuumbireni njerwa? Mwatuma mwana wa m'nyumba mwanu kuti atifufute. Ife tizilowera pati? Padenga ngati mileme? Anthu a kumunsi, nyamukani! Aliyense atenge njerwa zimene adaumba, tikamange zathu."

Sanachite kubwereza. Amayi a kumunsi anayamba kupinda nkhata, abambo anathamangira ku uvuni. A kumtunda nawo anaimirira kukatchinga, aliyense akulumbira kuti njerwa yakeyo akuizindikira nkhope. A José anakhala pansi n'kuvula chipewa.

A Ezequiel anamukokera Páscoa pambali, thukuta lili kamukamu m'jekete muja.

"Iwe, ndipulumutse. Uwauze kuti komputadori ndiyo yadya khomo. Makina amalakwa, aliyense akudziwa. Nena msanga!"

Bodza limeneli linali losavuta, ndipo anthu akanalikhulupirira. Koma Páscoa anaona pamene linkathera. Ngati kompyuta imadya makomo, ndiye amalume ake anali ndi chifukwa chanji chomusiyira masana ake pa chinthu chonama? Akakhala chete, amalumewo atchedwa akuba. Akanena zoona, manyazi onse agwera iye, ndipo za ku Domwe zinanenedwa kale. Njira zonse zitatu zinkaoneka kuti zikupita ku shapa. Komabe anakwera pa ngolo.

"Amayi ndi abambo, imani kaye! Amalume sakudziwapo kanthu. Komputadori nayonso sinalakwe. Wolakwa ndine."

6. Chikombole

Anthu anaima, ena njerwa zili pamutu.

"Khomo la a kumunsi ndinalimanga, lilipo," anapitiriza Páscoa. "Koma a Purofesora anandichenjeza kuti ndiyeze felemu ya chithunzi ndisanachitsuke, ine ndinati ndikudziwa kale. Ndaona kulakwaku m'mawa ku papelariya, ndipo ndinabisa. Zoti khomo lili kuseri ndinanama. Pepani."

"Felemu yake iti? Tilankhule Chinyanja," anatero a Dona Margarida.

Páscoa anayang'ana uku ndi uku. Pafupi ndi uvuni panali chikombole choumbira njerwa, chakale, chothyoka pansi. Anatsika n'kuchitola, n'kuchiimika choimirira patsogolo pa nkhope ya mayiwo.

"Suzumirani umu, mayi, muyang'ane kumene kwaima amalume. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona a Ezequiel okha. Si zosangalatsa."

Páscoa anachitembenuza chikombolecho kuti chigone chopingasa.

"Nanga pano?"

"Pano ndikuona a Ezequiel, ngolo, ndi a José atagwira chipewa." Mayiwo anachitembenuza okha kawiri, katatu. "Ehe! Ndiye kuti a José adalipo nthawi yonseyi, koma bowo ndi limene limawabisa?"

"Ine sindidachoke," anatsimikiza a José.

Chikombolecho chinayenda m'manja mwa anthu onse. Aliyense ankafuna kusowetsa mnansi wake n'kumubwezeretsanso. Njerwa zinabwerera pa uvuni. Koma a Dona Margarida anali asanamalize, ndipo anamuloza Páscoa ndi chala.

"Mwana iwe, imva. Akulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo lero mwambiwo ndauona ndi maso anga. Kulakwa aliyense amalakwa. Ine ndidasokapo malaya a ukwati a mkono umodzi waufupi. Koma iwe udaona kulakwa kwako m'mawa, n'kukupinda, n'kukumanga ndi mphira, n'kubwera nako pano. Taona, anthu amene amapemphera pamodzi adatsala pang'ono kuswana mitu ndi njerwa chifukwa cha mantha ako. Anthu osadziwa makinawa amakhulupirira inu ophunzira. Mukayamba kutinamiza chifukwa sitidziwa, ndiye shikola yanuyo yatipindulira chiyani? Chokhacho chimene chakuombola n'chakuti wanena wekha. Koma ine za pakamwa ndasiya kukhulupirira. Lolemba ndibwera ku shikola kwanuko, khomo langa ndikalione ndi maso."

A Ezequiel anangoliza njinga yawo. Ulendo wonse wobwerera, Páscoa anangoona msana wa jekete lawo.

7. Lolemba

Lolemba masana m'chipinda cha makompyuta munalowa alendo atatu, a Dona Margarida, a José ndi a Ezequiel. A José anavula nsapato pakhomo, a Purofesora Cristina n'kuwapempha kuti avalenso. Aphunzitsiwo atamva nkhani yonse sanakalipe. Anangoti, "Khala pansi, Páscoa. Uchite zonse wekha, ndipo uzinena chimene ukuchita."

Páscoa anatsegula fayilo ija, aramazeni yonse n'kuoneka pagalasi ndi makomo ake awiri. Kenako anadina batani lolowera m'diso la kamera. Pakati pa galasi panaoneka felemu yoimirira, ndipo zonse za kunja kwake zinachita mdima. Khomo la a kumunsi linali mumdimamo.

"Ndi ilo! Aliika kunja ngati mwana wamasiye," anatero a Dona Margarida.

"Tsopano ndikufunsa kukula kwa pepala," anatero Páscoa. "A Artur akuti pepala lawo lalikulu ndi masentimita makumi asanu ndi atatu mphambu anayi uku, makumi asanu mphambu asanu ndi anayi uku. Tiligoneka chopingasa. Choncho nambala yaikulu ndikuilemba pa laragura, yaing'ono pa alutura."

Atalemba manambala ogwirizana ndi pepalalo, felemu ija inagona. Anabweza kamera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka nyumba yonse inalowa m'felemu, n'kutsala malo pang'ono mbali zonse. Kenako anatsuka kachithunzi kakang'ono koyesera, kamene sikanachedwe, n'kukaika pambali pa zimene zinali m'diso la kamera. Zinali zofanana ndendende.

A Dona Margarida anatulutsa kamtengo ka machesi, n'kukagunditsa pagalasi. Anayeza khomo lakumanzere, n'kuika chikhadabo. Anayeza lakumanja. Anabwereza katatu, a Ezequiel akuwapumira m'khosi.

"Ndi ofanana," anavomera pomaliza, ngati munthu amene wakhumudwa pang'ono.

Chithunzi chachikulu chinayamba kutsukidwa, ndipo ulendo uno Páscoa sanasunthe pampando. A Purofesora anatuluka ndi a José ndi a Dona Margarida kukawaonetsa munda wa sukulu. M'chipindamo munatsala Páscoa ndi amalume ake. A Ezequiel anakhosomola, n'kukoka mpando.

"Loweruka udandichititsa manyazi," anatero. "Koma udaima pa ngolo n'kuyeretsa dzina langa pamene ine ndimakuuza kuti uname. Ndaonanso kuti chinthuchi si chosewera. Za ku Domwe tizisiye."

Páscoa anamva misozi ikubwera. Anagwada pansi n'kuwomba m'manja.

"Zikomo, amalume. Zikomo kwambiri."

"Dzuka, dzuka." A Ezequiel anasuzumira pazenera, kenako anasendeza mpando wawo kufupi n'kutsitsa mawu. "Tsono pali kanthu kamodzi. Ndaona kuti ukalemba nambala, zinthu zimamvera. Pepala lisanapite kwa a José, khomo lathu ulikuzeko pang'ono. Zala zinayi zokha, machesi a mayi aja sangazigwire. Ukachita zimenezo, ndiye kuti nkhani ya ku Domwe yatheratu."

Páscoa anakhala chigwadire, manja akadali pamodzi. Panja mawu a Dona Margarida anali kuyandikira, akufunsa a Purofesora ngati chithunzi chapsa.